Kumenya mpira wa gofu kuti uzipita kutali ndiponso molunjika

Nkhope ya ndodo ya gofu, ndiko kuti mbali ya mutu wa ndodo imene imamenya mpira, imakhudzana ndi mpira kwa kanthawi kochepa kwambiri, pafupifupi theka la gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Chilichonse chimene wosewera amachita, kuyambira pa kagwiridwe ka ndodo, kaimidwe, katembenuzidwe ka thupi mpaka katsitsidwe ka manja, chimangokonzekera kanthawi kameneko. Mpira sumvera kukongola kwa swing ya munthu, ndiko kuti kakupizidwe kake ka ndodo. Umamvera zinthu zochepa zimene zimachitika pamene ukugundidwa: malo a pankhope pamene wagunda, kumene nkhopeyo yayang'ana, njira imene mutu wa ndodo ukudzera, kukwera kapena kutsika kwa mutuwo, ndiponso liwiro lake. Jim Furyk wa ku America ali ndi swing imene aphunzitsi ambiri sangauze wophunzira kuti aitengere, chifukwa ndodo yake imakwera modzera kwina n'kutsika modzeranso kwina, komabe anapambana mpikisano wa US Open mu 2003, ndipo mu 2016 anamaliza maenje 18 atamenya mpira ka 58 kokha pa mpikisano wa Travelers Championship, zimene zinali zisanachitikepo pa PGA Tour, mndandanda wa mipikisano ya akatswiri a gofu aamuna ku America. Ndodo yake inkafika pa mpira mofanana nthawi zonse, ndipo chofunika chinali chimenecho.

Ndayamba ndi mfundo imeneyi chifukwa ambiri mwa ophunzira gofu amakhulupirira kuti mtunda ndi kulunjika ndi zinthu zolimbana, kuti wofuna mtunda ayenera kumenya ndi mphamvu zake zonse n'kuvomereza kuti mpira usochera, pomwe wofuna kulunjika ayenera kumenya monyengerera. Kwa wosewera wamba zimenezi si zoona. Zolakwika zimene zimasocheretsa mpira ndi zomwezo zimene zimaulanda mtunda, choncho amene wakonza kagundidwe ka mpira amapindula mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Malangizo otsatirawa ndawalemba poganizira wosewera wogwiritsa ntchito dzanja lamanja, amene phewa lake lamanzere limayang'ana ku chandamale. Wamanzere angotembenuza mbalizo.

Yambani ndi kudziwa pamene mpira ukugunda

Musanasinthe chilichonse pa kayendetsedwe ka thupi lanu, pezani umboni wa malo amene mpira ukugunda pankhope ya ndodo. Poperani pankhopepo paudala woyera wopopera kumapazi, kapena pakanipo inki ya cholembera cha pabolodi imene imafufutika, kenaka menyani mipira 10 ndi driver, ndodo ya mutu waukulu yomenyera kutali kwambiri, n'kuona zidindo zimene yasiya. Anthu ambiri amadabwa akaona zidindozo zitamwazikana kuchokera kunsonga kwa mutu mpaka kufupi ndi khosi la ndodo (pamene mutuwo umalumikizana ndi ndodoyo), pomwe iwo ankaganiza kuti akumenya pakati.

Kufunika kwa zimenezi kumaoneka bwino m'manambala. Mpira ukagunda pakati penipeni pa driver, liwiro lake limakhala lofanana ndi liwiro la mutu wa ndodo kuwonjezerapo theka lake, ndiko kunena kuti ndodo yothamanga mamailosi 100 pa ola imatulutsa mpira pa mamailosi pafupifupi 150 pa ola. Ukagunda cham'mbali, liwirolo likhoza kutsika kufika pa 140 ngakhale wosewerayo atagwiritsa ntchito mphamvu zomwezo, ndipo mamailosi 10 otayikawo ndi mayadi pafupifupi 20 a mtunda. Akatswiri achizimayi a pa LPGA Tour amathamangitsa driver pa liwiro la mamailosi pafupifupi 94 mpaka 96 pa ola, lomwe silisiyana kwenikweni ndi la amuna ambiri osewera mongosangalala, koma iwo mpira wawo umafika mayadi 250 kapena kupitirirapo, pomwe wa amuna aja nthawi zambiri umathera cha m'ma 215 kapena 220. Kusiyana konseku kukuchokera pa kugunda pakati ndi kuulutsa mpira pa msinkhu woyenera.

Malo ogundawo amakhotetsanso mpira. Ukagunda kunsonga kwa driver, mutu wa ndodo umapotoka pang'ono n'kuupatsa mpira kazunguliridwe koukhotetsera kumanzere, ndipo ukagunda kufupi ndi khosi umakhotera kumanja. Ukagunda chakumunsi kwa nkhope umazungulira kwambiri chobwerera m'mbuyo, n'kuuluka mofooka. Pali osewera amene amatha miyezi akulimbana ndi mapewa ndi chiuno pofuna kuthetsa kukhotera kumanja, chikhalirecho vuto lawo ndi lakuti amangogunda mpira kukhosi kwa ndodo.

Pokonza, bayani timitengo tiwiri ta tee (tokhazikapo mpira pomenya) pansi, kena kunja kwa mpira ndi kena mkati, musiye mpata wongokwanira mutu wa ndodo, ndipo muzidutsitsa ndodoyo pakati osagunda kamtengo kalikonse, poyamba ndi swing yatheka. Njira ina imene ndimaikonda kwambiri ndi kumenya mpira umodzi dala kunsonga, wina dala kukhosi, kenaka wachitatu pakati. Munthu amene waphunzira kulakwitsa dala mbali zonse ziwiri amadziwa msanga pamene pali pakati, chifukwa manja ake amayamba kumva kusiyana kwake.

Kauluke ka mpira kamakuuzani cholakwika

Zipangizo zoyezera kauluke ka mpira, monga TrackMan, zinathetsa mkangano umene unalipo kwa zaka zambiri. Mbali imene mpira umayambira kulowera imatsata kwambiri kumene nkhope ya ndodo yayang'ana, ndipo pa driver nkhopeyo imalamulira pafupifupi magawo 85 pa 100 alionse a mbali yoyambirayo. Kukhota kwa mpira m'malere kumachokera pa kusiyana kwa pakati pa kumene nkhope yayang'ana ndi njira imene mutu wa ndodo ukudzera. Nkhope ikayang'ana kumanja kwa njirayo, osewera amati yatseguka, ndipo mpira umakhotera kumanja. Kukhota kukakhala kochepa amati fade, kukakhala kwakukulu amati slice. Nkhope ikayang'ana kumanzere kwa njirayo amati yatsekeka, ndipo mpira umakhotera kumanzere, kumene kuli draw kapena hook.

Choncho pa mpira uliwonse dzifunseni mafunso awiri: wayambira mbali iti, ndipo wakhotera kuti? Ukayambira kumanzere n'kukhotera kumanja, ndiye kuti ndodo yadutsa mopingasa kuchokera kunja kulowera kumanzere, ndipo nkhope sinatsekeke mokwanira kuti igwirizane ndi njirayo. Ukayambira kumanja n'kupitiriza kukhotera kumanja komweko, vuto lalikulu ndi nkhope yotseguka. Ukapita kumanzere mowongoka osakhota, nkhope ndi njira zagwirizana, kungoti zonse zaloza kumanzere. Dziwaninso kuti kulakwitsa kwa digiri imodzi yokha kumapatutsa mpira mayadi atatu ndi theka pa mtunda wa mayadi 200, kukhota kwa m'malere kusanawonjezerepo.

Apa pali msampha umene umakola pafupifupi aliyense wovutika ndi slice. Poona mpira ukuthawira kumanja, wosewera amaima molozera kumanzere n'kukokera ndodo kumanzere kwambiri, ndipo potero amakulitsa kusiyana kwa nkhope ndi njira, mpira n'kukhota koposa kale. Ndondomeko yabwino ndi kukonza nkhope poyamba, njira pambuyo. Nkhope ikayamba kutsekeka bwino, mipira yanu idzapita kumanzere kwa masiku angapo. Musabwerere m'mbuyo mukaona zimenezo, chifukwa ndi chizindikiro chakuti theka la ntchito latheka, ndipo thupi likasiya kuopa kumanja limavomera mosavuta kutsitsa ndodo modzera mkati.

Kagwiridwe ka ndodo

Manja ndiwo okha amene amakhudza ndodo, choncho nkhope imatsata kwambiri kagwiridwe. M'dzanja lamanzere, chogwirira chidutse mopingasa kuchokera patsinde pa kachala kakumapeto kukafika pamfundo yapakati ya chala cha mkombaphala, ndipo mnofu wa kuchidendene kwa chikhatho ukhale pamwamba pa chogwiriracho. Ndodo ikhale m'zala, osati pakati pa chikhatho, chifukwa ikakhala m'chikhatho mfundo ya dzanja, pamene timamangapo wotchi, imalephera kupinda momasuka ndipo liwiro limatayika. Mukayang'ana pansi muziona mfundo ziwiri kapena zitatu za kuseri kwa dzanja lamanzere. Wovutika ndi slice nthawi zambiri amaona mfundo imodzi yokha, ndipo kungotembenuzira dzanjalo kumanja mpaka mfundo zitatu zioneke kumasintha kauluke ka mpira tsiku lomwelo. Dzanja lamanja ligwirenso ndi zala, chikhatho chake chiphimbe chala chachikulu cha kumanzere, ndipo mphanda imene chala chachikulu ndi cha mkombaphala zimapanga pa dzanja lililonse iloze pakati pa chibwano ndi phewa lamanja.

Za kalumikizidwe ka manja awiriwa sindingakakamize munthu. Ena amasanjika kachala kakumapeto ka dzanja lamanja pamwamba pa zala za kumanzere, njira imene inatchuka ndi Harry Vardon, amene anapambana mpikisano wa The Open ka 6. Ena amakolowanitsa zalazo monga amachitira Jack Nicklaus ndi Tiger Woods, ndipo ena amagwira ndi zala zonse 10. Njira zonsezi zimagwira ntchito. Chimene chimawononga ndi kufinya ndodo mpaka mikono ndi mapewa kuuma. Gwirani molimba moti ndodo isaterereke, makamaka ndi zala zitatu zakumapeto za dzanja lamanzere, koma mikono ikhale yomasuka moti mukagwedeza ndodo muzimva kulemera kwa mutu wake.

Kaimidwe ndi kaloseredwe

Weramani kuchokera m'chiuno msana uli wowongoka, pindani mawondo pang'ono, ndipo mikono ilendewere yokha pansi pa mapewa. Kulemera kwa thupi kukhale pakati pa mapazi, osati kuzala kapena kuzidendene, chifukwa amene wayamba atapendekera kutsogolo amagwera kumpira n'kugunda kukhosi kwa ndodo. Pa iron (ndodo ya mutu wachitsulo wopyapyala) ya nambala 7, mapazi atalikirane molingana ndi mapewa ndipo mpira ukhale pakati kapena patsogolo pang'ono. Pa driver, tanyulani mapazi mowonjezerapo, mpira ukhale moyang'anizana ndi mkati mwa chidendene chamanzere, ndipo msana upendekere pang'ono kumanja kotero kuti phewa lamanja likhale lotsikirapo.

Kaloseredwe kamafanana ndi njanji. Chitsulo chimodzi ndi mzere wochokera pa mpira kupita ku chandamale, china ndi mzere wa mapazi, chiuno ndi mapewa, ndipo mizere iwiriyi iyenera kuyenda motsatana osakumana. Ambiri amalozetsa mapazi ku chandamale chenichenicho, ndipo potero thupi lonse limaloza kumanja. Jack Nicklaus ankaima kumbuyo kwa mpira, n'kusankha kachinthu kakang'ono pakapinga patsogolo pa mpirawo, monga tsamba kapena kachipsera, kamene kali pa mzere wa chandamale, kenaka ankalozetsa nkhope ya ndodo ku kachinthuko asanaike mapazi. Kulosera chinthu chapafupi n'kosavuta kusiyana ndi mbendera ya kutali. Pamalo oyeserera gonekani ndodo ziwiri pansi kuti zikuonetseni mizereyo, koma kumbukirani kuti malamulo salola kuika chinthu pansi chokuthandizani kulosera pamene mukusewera masewera enieni.

Kubweza ndodo m'mbuyo

Cholinga cha kubweza ndodo ndi kupeza mpata wautali woti mutu wa ndodo uthamangiremo pobwerera. Akatswiri ambiri amatembenuza mapewa madigiri pafupifupi 90 ndi chiuno pafupifupi 45, mpaka msana utayang'ana ku chandamale. Chofunika ndi kutembenuka, osati kusendera kumanja. Lolani kuti chiuno cha kumanja chibwerere chakumbuyo kwanu, kulemera kukhazikike mkati mwa phazi lamanja, osapitirira kunja kwake. Ngati thupi lanu ndi louma kapena zaka zapita, musaumirize chiuno kukhala chete. Tsegulani mapazi pang'ono kuti zala ziloze chakunja, ndipo chidendene chamanzere chikhoza kunyamuka, monga ankachitira Nicklaus yemweyo pa zaka zonse zimene anapambana mipikisano ikuluikulu 18.

Mkono wamanzere ukhale wotambasuka koma osauma, manja akhale kutali ndi mutu wanu. Sikofunika kuti ndodo ifike pogona mopingasa pamwamba. Katswiri Jon Rahm amaibweza pang'ono chabe koma ali m'gulu la omenya kutali. Chimene muyenera kuchiyang'anitsitsa pamwambapo ndi mfundo ya dzanja lamanzere. Ikapindikira kuseri, nkhope imatseguka, ndipo mudzafunika kuitseka mwachangu m'kanthawi kochepa kotsikira, zimene sizitheka mofanana tsiku lililonse. Kuseri kwa dzanja kukhale kowongoka ndi mkono. Imani pambali pa galasi loyang'anira, bwezani ndodo, imani, yang'anani, ndipo bwerezani mpaka thupi lizolowere.

Kutsika kumayambira pansi

Pano ndi pamene mtunda weniweni umabadwira, ndipo ndi pamenenso osewera ambiri amautayira. Taganizirani munthu wogenda mwala kutali. Sayamba ndi dzanja. Amaponda ndi phazi lakutsogolo, chiuno chimatembenuka, chifuwa chimatsatira, mkono umabwera pambuyo, ndipo mwala umachoka pomalizira penipeni. Swing ya gofu imayenda mwa dongosolo lomwelo, ndipo poyeza matupi a akatswiri zimaoneka kuti chiuno ndicho chimayamba, kenaka chifuwa, kenaka mikono, pomalizira ndodo. Chiwalo chilichonse chimathamanga, n'kuchepetsa liwiro, n'kupereka mphamvu yake ku chotsatira, monga momwe chikwapu chimalirira kunsonga ngakhale dzanja layenda pang'ono. Rory McIlroy ndi wamtali mamita pafupifupi 1.75 okha, koma m'nyengo ya 2022 mpaka 2023 ya PGA Tour mipira yake ya driver inkafika mayadi 326.3 pa avereji. Mphamvu imeneyo amaitenga pansi kudzera m'miyendo.

Wosewera wamba amachita mosemphanitsa. Ndodo ikangofika pamwamba, amaigwetsa ndi mapewa ndi dzanja lamanja, ndodo imaponyedwa kunja kwa mzere, n'kutsika mopingasa kulowera kumanzere, mfundo za manja zitamasuka kale mpira usanafikidwe. Cholakwika chimodzi chimenechi chimabala slice ndi kufupika kwa mtunda nthawi imodzi. Mankhwala ake ndi kuyamba kuponda ndi phazi lamanzere ndodo isanamalize kukwera, msana ukadayang'anabe ku chandamale kwa kanthawi, kuti mikono itsike patsogolo pa chifuwa ndipo chigongono chamanja chibwere pafupi ndi nthiti. Kenaka mwendo wamanzere umakankha pansi n'kuwongoka, chiuno chimatsegukira ku chandamale, ndipo ndodo imadutsa.

Kuti mumve dongosololi m'thupi, imani mapazi ali pamodzi, mpira uli pa tee chakumanzere kwanu. Bwezani ndodo, ndipo isanafike pamwamba pondani ndi phazi lamanzere kulowera ku chandamale, kenaka menyani. Yambani opanda mpira. Pofuna kukonza njira ya ndodo, ikani chovindikira mutu wa driver kapena kabokosi kopepuka kunja kwa mpira, chakumbuyo pang'ono. Mukatsitsa ndodo modzera kunja muchigunda, ndipo mukaphunzira kuchizemba ndiye kuti mwayamba kudzera mkati. Palibe mawu a mphunzitsi amene amaphunzitsa mofulumira ngati chinthu choikidwa panjira ya ndodo.

Nthawi nayo ili ndi muyeso wake. Akatswiri ambiri amatenga nthawi yochuluka katatu pokweza ndodo poyerekeza ndi potsitsa, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a sekondi pokwera ndi gawo limodzi potsika. Ena ndi ofulumira, ena ndi odekha, koma muyesowo umakhala womwewo. Werengani mumtima kuti wani, thu, fili pokweza, ndipo mumenye pa folo. Kukweza ndodo pang'onopang'ono kwambiri sikuthandiza, chifukwa kumachititsa kuti munthu aitsitse modzidzimuka.

Pali langizo lakale lakuti mutu wa wosewera uzikhala chozolika mpaka mpira utapita. Ndikukupemphani kuti musalitsate mopitirira muyeso. Mutu usagwedezeke kwambiri mpira usanagundidwe, koma kuukanikiza pansi pambuyo pake kumaimitsa chifuwa, mikono imapindika, ndipo khosi ndi msana zimavutika. Annika Sörenstam, amene anapambana mipikisano ikuluikulu 10, ankatembenuzira maso ake ku chandamale ndodo isanafike n'komwe pa mpira. Malizani swing mutaima pa mwendo wamanzere, chifuwa chitayang'ana ku chandamale, phazi lamanja litaima pa zala, ndipo khalani choncho mpaka mpira utatera. Mukalephera kuima osadzandira, pali china chimene chalakwika kumayambiriro.

Iron imatsikira pa mpira, driver imaukweza

Ndodo za iron zimayenera kugunda mpira poyamba, kapinga pambuyo. Kupendekeka kwa nkhope, kumene amakutcha loft, ndiko kumakweza mpira, choncho simufunika kuutapa kuchokera pansi. Wofuna kuthandiza mpira kukwera amatsalira pa phazi lamanja, ndipo ndodo imagunda dothi isanafike pa mpira kapena imagunda mpira pamimba. Pogunda, kulemera kwambiri kukhale kumanzere ndipo manja akhale patsogolo pang'ono pa mutu wa ndodo. Jambulani mzere pakapinga, menyani opanda mpira, ndipo onetsetsani kuti chipsera chilichonse chikuyambira pamzerepo kupita kutsogolo. Mukatha kuchita zimenezi ka 8 pa maulendo 10 alionse, ikani mpira pamzerewo. Mukhozanso kuyala thaulo pansi masentimita pafupifupi 10 kumbuyo kwa mpira n'kumayesetsa kuti musaligunde.

Driver ndi yosiyana chifukwa mpira uli m'mwamba pa tee. Kwa wosewera amene liwiro lake ndi lapakatikati, mtunda umachuluka pamene mutu wa ndodo wagunda mpira mutuwo ukuyamba kukwera, chifukwa mpira umauluka m'mwamba osazungulira mopitirira muyeso. Ikani tee moti theka la mpira lioneke pamwamba pa mutu wa driver, mutu wanu ukhale kumbuyo kwa mpira pogunda, ndipo poyeserera ikani kabokosi kopanda kanthu ka mipira pansi masentimita pafupifupi 30 patsogolo pa tee. Ndodo yokwera imadumpha kabokosiko.

Kuwonjezera liwiro

Mukayamba kugunda pakati kawirikawiri, nthawi yofuna liwiro yakwana. Mailosi imodzi pa ola yowonjezera pa mutu wa driver imapereka mayadi pafupifupi awiri ndi theka. Kafukufuku wa Mark Broadie wa ku yunivesite ya Columbia, amene anabweretsa njira yowerengera luso la osewera yotchedwa strokes gained, anaonetsa kuti pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kusiyana kwa osewera abwino ndi ocheperapo amachokera pa mipira yomenyedwa kuchokera kutali ndi dzenje, choncho kufuna mtunda si kudzitama ayi. Bryson DeChambeau anadzipereka kulimbitsa thupi ndi kuwonjezera liwiro, ndipo mu 2020 anapambana US Open ku Winged Foot, bwalo lodziwika ndi njira zopapatiza ndi udzu wautali.

Liwiro limaphunziridwa monga luso lina lililonse. Mutatenthetsa thupi mokwanira, tembenuzani ndodo mugwire chakumutu, ndipo ikupizeni mwamphamvu mukumvetsera mluzu wa mphepo. Mluzuwo uzimveka patsogolo pa malo a mpira, osati kumbuyo kwa phewa lanu lamanja. Kenaka kupizani driver ndi liwiro lanu lonse opanda mpira, maulendo ochepa, mukupumula pakati, kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo siyani mukangoyamba kutopa chifukwa thupi lotopa limaphunzira kuchedwa. Limbitsani miyendo, matako ndi minofu ya pamimba, ndipo masulani chiuno ndi msana wa kumtunda. Ngati msana kapena phewa likupweteka, onanani ndi dokotala musanayambe zimenezi.

Pa za ndodo zenizenizo ndingonena zochepa. Osewera wamba ambiri amapindula ndi driver ya loft ya madigiri 10.5 mpaka 12 kusiyana ndi ya 9. Malamulo a R&A ndi USGA, mabungwe oyendetsa malamulo a gofu, amalola driver yotalika mpaka mainchi 48, ndipo zambiri zogulitsidwa zimakhala pakati pa 45 ndi 46, koma ndodo yaitali ndi yovuta kugundira pakati. Yesani kugwira chakumunsi ndi masentimita awiri kapena atatu, muonenso zidindo za paudala uja. Ngati zasonkhana pakati, mwapeza mtunda popanda kusintha swing.

Kayesereredwe ndi kusewera kwenikweni

Konzani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo chipatseni masabata angapo. Zimene thupi limamva nthawi zambiri zimasiyana ndi zimene likuchita, choncho dzijambuleni ndi foni kuchokera mbali ziwiri: kumbuyo, kamera ili pa msinkhu wa manja ndipo ikuloza ku chandamale, ndi kutsogolo moyang'anizana ndi chifuwa chanu. Kamera ikaikidwa mopotoka imanamiza, n'chifukwa chake muziiika pamalo omwewo nthawi zonse. Ola limodzi ndi mphunzitsi wodziwa ntchito yake likhoza kukupulumutsani ku miyezi yokonza chinthu chosalakwika.

Gawani nthawi yoyeserera pawiri. Poyamba bwerezani kusintha kwatsopano pang'onopang'ono ndi ndodo imodzi, osadandaula kumene mpira ukupita. Kenaka sinthani ndodo ndi chandamale pa mpira uliwonse, mukuima kumbuyo ndi kulosera monga mungachitire pabwalo, chifukwa pamasewera enieni simumenya mipira iwiri yofanana motsatizana. Mipira 40 yomenyedwa moganizira imaphunzitsa zambiri kuposa mipira 150 yomenyedwa mothamanga.

Pomaliza yezani zimene mungathe. Menyani mipira 10 ndi ndodo iliyonse, chotsani umodzi wabwino kwambiri ndi umodzi woipa kwambiri, ndipo lembani mtunda umene yotsalayo yauluka isanatere komanso kukula kwa dera limene yamwazikana kumanja ndi kumanzere. Ngakhale akatswiri a pa PGA Tour amateretsa mpira pa fairway, njira ya kapinga wometedwa yolowera kudzenje, pafupifupi ka 6 pa maulendo 10 alionse, choncho inu musasankhe chandamale ngati kuti mpira uliwonse udzawongoka. Pabwalo, tengani ndodo imene mtunda wake wa masiku onse ukufika pakati pa green (kapinga wosalala wozungulira dzenje), osati mtunda umene munaupeza kamodzi. Ngati mipira yanu yambiri imakhotera kumanja ndi mayadi 10, loserani mayadi 10 kumanzere kwa pakati pa fairway, ndipo ngati mbali ina kuli madzi kapena malire a bwalo, sunthani chandamalecho mpaka dera lonse limene munalemba lija likhale pouma ndi mkati mwa malire.